ANYAMATA A MPIRA NDI ANTHU OWASAKA

Nkhani ya pa wailesi, yopita kwa makolo a m'makomboni ndi a ku migodi

Munthu wopita ku Ng'ombe madzulo, dzuwa litapendeka, amamva phokoso la mpira asanaone bwalo. Komboni imeneyi iri kumpoto ca kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, ndipo inagundana ndi Roma ndi Kalundu, kumene kuli nyumba zazikulu za mipanda. Amai ambiri a ku Ng'ombe amalawirira m'mamawa kukagwira nchito m'nyumba zimenezo, ndipo amuna ena amalonda pa zipata zace usiku. Ana ao akaweruka ku sukulu amasonkhana pa malo ali onse opanda nyumba, naika miyala iwiri uku ndi iwiri uko, nayamba kumenya cimpombwa, ndiwo mpira wa mapepala a pulasitiki omanga ndi zingwe.

Masiku ano pa mabwalo otere, ku Ng'ombe, ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi ku George, nthawi zina pamaoneka munthu wacilendo. Iye samenya mpira, ndipo sacemerera timu iri yonse. Amangoima pambali, foni iri m'manja, maso ace ali pa mnyamata mmodzi. Mpira ukatha amafunsa dzina la mnyamatayo, zaka zace, ndi kumene akhala makolo ace. Nkhani ya lero ndi ya munthu ameneyu, pakuti ena a mtundu wace anatengera ana a amphawi ku ulemerero, ndipo ena anawataya m'maiko akutali opanda ndi khobiri lomwe la ulendo wobwerera. Kholo liyenera kudziwiratu kusiyanitsa awiriwa, cifukwa tsiku limene mlendoyo agogoda pa citseko, nthawi yofunsa kwa anansi imakhala yocepa.

Akuluakulu amene anagwirapo nchito ku migodi sadzaiyesa yatsopano nkhaniyi. Kale anthu a Wenela ndi a Mthandizi ankayendayenda kulemba amuna amphamvu. Ankawapima pa sikelo, ndi kuwamvetsera m'cifuwa, ndi kuwadinditsa cala pa cikalata cimene ambiri sanathe kuciwerenga. Ena anabwerako ndi njinga, makina osokera ndi ndalama za msonkho. Ena sanabwere konse, ndipo kumudzi anawacha machona. Boma la Zambia linaletsa Wenela kulemba anthu m'caka ca 1966, ndipo ku Malawi kulembako kunaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu oposa 70 amene anali kubwerera kwao. Olemba anthu a masiku ano safuna amuna a mapewa, afuna ana a miyendo yopepuka. Koma mafunso ofunika ndi omwe aja: alipira ndani, pangano ndi la zaka zingati, ndipo zikakanika mwana adzabwera bwanji?

KUMENE AMALEMBA ANA A ZAKA 16

Wofuna kuona bwino kumene malonda otere amafika ayang'ane kutsidya la nyanja ya Atlantic, ku masewera ochedwa baseball. M'masewera amenewa munthu mmodzi amaponya kampira kolimba, kofanana ndi lalanje kukula kwace, ndipo wina wa timu inzace amayesa kukamenya ndi cibonga. Akakamenya amathamanga kuzungulira ngondya zinai kufikira abwerere pamene anayambira. Matimu akulu alipo 30, m'bungwe la Major League Baseball la ku America, ndipo cuma cao ndi coopsa.

Ambiri a osewera ao acilendo amawatenga ku Dominican Republic, dziko laling'ono la pa cisumbu m'nyanja ya Caribbean, la anthu ngati 11 miliyoni, ndiwo ocepa koposa a m'Zambia. Monga mpira wa miyendo unakulira m'makomboni a migodi ya Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan, momwemo baseball inakulira m'minda ya nzimbe ndi pa zigayo za shuga, makamaka pa mzinda wa San Pedro de Macorís. Mwa osewera khumi ali onse a m'matimu akulu aja, pafupifupi mmodzi ndi wa ku dziko limenelo. Timu ya Los Angeles Dodgers inatsegula sukulu yace ya baseball kumeneko mu 1987, ndipo pambuyo pace matimu onse 30 anakhala ndi sukulu zao.

Cimene cikokera matimu kumeneko ndi lamulo. Mwana wa ku United States salembedwa asanatsirize sukulu ya sekondale, koma mwana wa ku Dominican Republic kapena ku Venezuela angathe kulembedwa ali ndi zaka 16. Kwa zaka zambiri tsiku loyamba kulemba linali 2 July, ndipo kuyambira 2021 linasunthidwa kukhala 15 January. Pa tsiku limenelo mabanja ena amagona ali olemera. Mu 2019 timu ya New York Yankees inapatsa mnyamata wa zaka 16, dzina lace Jasson Domínguez, madola 5.1 miliyoni pa kungolemba dzina lace pa pangano.

Mbiri ya ndalama zotere imafika m'nyumba iri yonse, koma mbiri ya mtengo wace imayenda pang'onopang'ono. Popeza mwana ayenera kukhala wokonzeka pofika zaka 16, kukonzako kumayamba ali ndi zaka 11 kapena 12. Pali anthu ochedwa buscones, ndiko kunena ofunafuna, amene amatenga ana otere kwa makolo ao. Amawadyetsa, kuwagoneka ndi kuwaphunzitsa tsiku ndi tsiku, ndipo mwana akalembedwa iwo amatapa gawo lao pa ndalama zija, kawirikawiri limodzi la magawo atatu kapena kuposa. Ena a iwo ndi aphunzitsi okhulupirika amene amasunga ana a eni monga ao omwe. Koma ana ambiri olowa m'manja mwao amasiya sukulu.

Ndiponso matimu amapangana ndi ana a zaka 13 kapena 14 pakamwa pokha, kuti akadzafika 16 adzawapatsa ndalama zakutizakuti. Atate ace a mwana, pomva lonjezo limenelo, amakatenga ngongole ya kaloba. Zaka ziwiri zikapita, mwana ngati sanatalike monga anayembekezera, kapena wapweteka mkono, timu imangobweza mau, pakuti palibe cikalata comanga nayo mlandu. Ngongole yokha imatsala. Cifukwa ca mantha amenewa ana ena amabayidwa mankhwala okuzitsa thupi, ngakhale mankhwala a ziweto, ndipo alipo amene anafa nao.

Ena amanama zaka. Mu 2006 timu ya Washington Nationals inalipira madola 1.4 miliyoni kwa mnyamata wochedwa Esmailyn González, amene zikalata zace zinati ali ndi zaka 16. Mu 2009 zinaululika kuti dzina lace leni leni ndi Carlos Álvarez Lugo, ndi kuti anali wamkulu ndi zaka 4 koposa zimene ananena. Manyazi ace anagwera ana ena osalakwa, amene anayamba kufunsidwa ndi kupimidwa mafupa monga akuba.

Ngakhale wolembedwa moona ulendo wace ndi wautali. Gift Ngoepe wa ku South Africa anakulira m'kacipinda ka pa bwalo la baseball ku Randburg, kumene amai ace anali kugwira nchito. Timu ya Pittsburgh Pirates inamulemba mu 2008 ali ndi zaka 18. Anakhala m'matimu ang'onoang'ono zaka zoposa 8, nayenda usiku pa mabasi, nalandira malipiro ocepa, kufikira pa 26 April 2017, pamene anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu Major League Baseball. Masewera onse amene anasewera pamwamba pamenepo, ku Pittsburgh ndi ku Toronto, sanafike 50. Ameneyu ndiye amene anapambana. Anzace ambiri olembedwa pamodzi naye sanafikeko ngakhale tsiku limodzi. Ndipo osaka a baseball anafika kale mu Africa, pakuti mu January 2022 a Dodgers analemba anyamata awiri a ku Uganda, Ben Serunkuma ndi Umar Male.

NJIRA YA ANA A M'ZAMBIA

Kwa ana a ku Ng'ombe khomo lotulukira kunja ndi mpira wa miyendo, koma ndi cinthu codabwitsa kuti ndalama zimene zinayamba kutsegula khomolo zinali za baseball. Eni a timu ya baseball ya Atlanta Braves ndiwo anayambitsa timu ya mpira ya Atlanta Chiefs, ndipo m'zaka za 1967 ndi 1968 timu imeneyo, mphunzitsi wace ali Phil Woosnam, inatenga Howard Mwikuta, Emment Kapengwe ndi Freddie Mwila kupita nao ku America. Mu 1969 Kapengwe ndi Mwila anapitirira ku Aston Villa ku England, ngakhale kumeneko anasewera masewera ocepa. Mu 1985 Kalusha Bwalya anacoka ku Mufulira Wanderers kunka ku Cercle Brugge ku Belgium, ndipo caka cotsatira Charles Musonda anamutsata asanafike zaka 18.

M'zaka zimenezo munalibe lamulo lolimba lochinjiriza ana, ndipo anyamata ambiri a ku West Africa ndi ku South America anatengedwa kunka ku Ulaya, nasiyidwa m'misewu atalephera mayeso. Cotero mu 2001 bungwe la FIFA, loyang'anira mpira pa dziko lonse, linaika lamulo lakuti wosewera asasamutsidwe kucoka ku dziko lina kunka ku lina asanakwane zaka 18. Lamuloli liri ndi mipata yocepa, monga pamene makolo asamuka pa zifukwa zosakhudza mpira, kapena pamene mwana akhala pafupi ndi malire, kapena pakati pa maiko a m'cigwirizano ca ku Ulaya kwa ana a zaka 16 ndi 17. Palibe mpata wa mwana wa ku Lusaka wokwera ndege yekha kukakhala ku timu ya ku Spain. Lamuloli liri ndi mano, pakuti Barcelona mu 2014 ndi Chelsea mu 2019 analangidwa, naletsedwa kugula osewera, cifukwa ca mirandu ya ana.

Njira yoongoka inaoneka bwino m'caka ca 2017. Pa 12 March caka cimeneco anyamata a Zambia osapitirira zaka 20, mphunzitsi wao ali Beston Chambeshi, anagonjetsa Senegal ndi zigoli 2 kwa 0 pa bwalo la National Heroes ku Lusaka, natenga cikho ca Africa. Awiri a iwo, Patson Daka ndi Enock Mwepu, analeredwa ndi timu yaing'ono ya Kafue Celtic, nasewera poyamba m'matimu akulu a kwao kuno, monga Power Dynamos ya ku Kitwe. Amene anawakonzera ulendo ndi kampani ya Frédéric Kanouté wa ku Mali, munthu wodziwika, amene iye mwini anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa mu 2007. Onse awiri anapita ku Red Bull Salzburg ku Austria mu 2017, Daka ali ndi zaka 18, Mwepu ali ndi 19. Mu 2021 Daka anagulidwa ndi Leicester City pa mtengo wa mapaundi ngati 23 miliyoni, ndipo Mwepu anapita ku Brighton. Mnzao Fashion Sakala wa ku Chipata anadzera ku Zanaco, ku Russia ndi ku Belgium asanafike ku Rangers ya ku Scotland. Atsikana naonso anatsata njira yomweyo: Barbra Banda wa ku Lusaka anacoka ku Green Buffaloes kunka ku Logroño ku Spain mu 2018 ali ndi zaka 18, ndipo mu 2024 Orlando Pride ya ku America inamugula pa madola 740,000.

Pa onsewa pali zinthu zitatu zofanana. Anayamba kudziwika kwao, m'matimu olembedwa m'buku la FAZ. Anacoka atakwana zaka. Ndipo ndalama zinacokera kunja kudza kuno, sizinacoke m'thumba la makolo kunka kunja.

Kulembedwa m'buku la FAZ kuli ndi phindu linanso. Mwa lamulo la FIFA, wosewera akagulitsidwa kucoka ku dziko lina kunka ku lina, magawo 5 mwa 100 a mtengo wace amagawidwa kwa matimu amene anamlera kuyambira zaka 12 kufikira 23. Pa mapaundi 20 miliyoni gawo limenelo ndi mapaundi 1 miliyoni. Timu yaing'ono ya m'komboni ingathe kulandirako kagawo kace, ndi kugulira ana ena nsapato ndi mipira, koma pokha pokha ngati dzina la mwanayo linalembedwa pa nthawi yace.

MLENDO WONYENGA

Tsono mlendo wonyenga amadza motere. Amafika pa nyumba Loweruka madzulo atabvala bwino, napereka moni waulemu, nati, "Atate, mwana wanuyu si wa pa fumbi pano ai. Ndiri ndi anzanga ku Turkey ndi ku Portugal amene afuna kumuona." Amaturutsa kalata ya cidindo cokongola ndi zithunzi zimene anajambulitsa ndi osewera ochuka. Potsiriza amati, "Cotsala ndi ca pasipoti, viza ndi tikiti basi. Koma mufulumire, Amai, pakuti malo ndi awiri okha, ndipo Lacisanu atseka." Banja limagulitsa puloti, kapena kutenga ndalama za cilimba zimene amai anasonkha ndi anzao caka cathunthu. Nthawi zina mlendoyo amazimirira pomwepo ndi foni yace. Nthawi zina mwana amakweradi ndege, nafika ku hotela kumene kulibe womlandira, ndipo viza ikatha amaopa apolisi, naopanso kubwerera kwao ndi manyazi. Ameneyo ndiye mchona wa masiku ano.

Izi si nthano. Mu 2015 kunamveka kuti anyamata 23 a ku West Africa, ambiri a ku Liberia, ena a zaka 14 zokha, anatengedwa kunka ku Laos, dziko la ku Asia, atalonjezedwa sukulu ya mpira. Anakapezeka akugona pansi m'cipinda ca pa bwalo la timu ya Champasak United, ndipo bungwe la osewera la FIFPRO ndilo linathandiza kuti ambiri a iwo amasulidwe. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cizindikiro cacikulu cosiyanitsa mlendo woona ndi wonama ndi ici: woona sapempha ndalama. Timu imene ifunadi kuyesa mwana imalemba kalata yocha dzina lace, imapempha cilolezo ca makolo colemba, ndipo imalipira yokha ulendo, cakudya ndi pogona. Malamulo a FIFA amaletsa kulipiritsa munthu cifukwa ca mayeso otere. Mkhalapakati, amene a mpira amamucha ejenti, ayenera kukhala ndi laisensi ya FIFA, ndipo kuyambira 2023 ofuna nchitoyi amalemba mayeso. Iye saloledwa kupangana ndi mwana popanda cilolezo colemba ca kholo kapena womlera. Ndiponso wosewera wosakwana zaka 18 sangamangidwe ndi pangano la nchito lopitirira zaka 3. Kholo la ku Ng'ombe liri ndi mwai umene la ku mudzi wakutali liribe, pakuti maofesi a FAZ ku Football House ali mu Lusaka momwemo. Mtengo wa basi yokafunsa ngati munthu wakuti adziwika ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa puloti. Safunsa anadya phula.

ZAKA NDI SUKULU

Ciyeso cina cimadza ndi mau okoma. Mlendo, kapena ngakhale mphunzitsi wa mwana, amati, "Timcotsereko zaka ziwiri, kuti akakome kwa ogula." Kholo likane. Kuyambira 2009 FIFA imapima mafupa a pa dzanja la anyamata osapitirira zaka 17 ndi makina a MRI, amene amaonetsa ngati fupa linatsiriza kukula. Poyandikira mpikisano wa mu January 2023, anyamata 21 mwa 30 a timu ya Cameroon anacotsedwa atalephera kupimidwa kumeneku. Bodza la zaka limamtsata munthu moyo wace wonse, pa citupa, pa pasipoti ndi pa setifiketi ya sukulu, ndipo limalanda malo a mwana wina amene ali wamng'onodi. Makolo asunge bwino cikalata ca kubadwa ndi khadi la ku sikelo, pakuti mapepala amenewo ndiwo mboni ya mwana tsiku lina.

Cotsiriza ndi sukulu, ndipo pa ici moyo wa Enock Mwepu ulankhula koposa mau onse. Iye anadzera njira yoongoka, nafika m'mpikisano waukulu wa ku England, nakhala kaputeni wa Chipolopolo. Mu September 2022 anadwala pa ulendo wopita ku Mali kukasewerera dziko lace. Madotolo atamupima anapeza nthenda ya mtima yobadwa nayo, ndipo mu October caka comweco anasiya mpira ali ndi zaka 24. Panalibe amene anamunyenga, panalibenso cimene iye analakwa. Popeza anali m'manja mwa timu yolongosoka, anapimidwa bwino, moyo wace unapulumuka, ndipo Brighton inampatsa nchito yophunzitsa ana. Mwana wotengedwa mwakuba sakanaona cisamaliro cotere. Ngati mpira ungathe kutha mwadzidzidzi kwa munthu amene anafika pamwamba, nanga kotani kwa anyamata mazanamazana amene sadzafikako? Bondo limodzi likathyoka, cotsala ndi cimene ciri m'mutu.

Cifukwa cace makolo asaletse ana mpira, pakuti mphatso ndi mphatso, ndipo dziko lino laona zipatso zace. Koma mwana apite ku sukulu m'mawa, ku bwalo madzulo. Alowe timu yodziwika ku FAZ, anene zaka zace zoona, ndipo adikire kufikira akwane 18. Mlendo akagogoda, alandiridwe ndi ulemu, apatsidwe mpando ndi madzi akumwa, koma cikalata cace cigone m'nyumba masiku angapo, ciwerengedwe ndi munthu wodziwa Cingerezi ndi malamulo, amene sali mnzace wa mlendoyo. Amalume, azakhali ndi aphunzitsi a mwana amve naonso. Mlendo woona adzadikira, cifukwa adziwa kuti cimene anaciona pa bwalo sicidzatha pa sabata imodzi. Amene akana kudikira wadziulula yekha.